AGOGO ANU ANALEMBEDWA KUTI? Za mawilu, mapepala a cuma ca masiye ndi mbiri ya banja

Mwezi wa Julaye caka catha, pamene anthu anali kalikiliki kugulitsa cimanga ndi soya, kunafika mlendo pa chalichi pathu kuno ku Kasenengwa. Anali mnyamata wa zaka ngati makumi atatu, wovala bwino, Cinyanja cake cosakanizika ndi Cishona. Anacokera ku Harare. M'cikwama mwake munali citupa cakale ca agogo ake aamuna, cong'ambika m'mapindiro, ndi cithunzi cimodzi ca munthu wovala jekete ataimirira pambali pa njinga. Pa citupapo panalembedwa kuti mwini wake anali wa ku Fort Jameson, ndipo panalinso dzina la mfumu ndi la mudzi. Agogowo anapita ku Southern Rhodesia nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itangotha. Anachona, anakwatira komweko, namwalira osabwerako.

Titampatsa mpando ndi madzi akumwa, funso lake loyamba linali lakuti: "Kodi mawilu a anthu akale a boma lino amasungidwa kuti? Ndifuna ndione ngati atate a agogo anga anasiya wilu."

Tinaseka, koma osati momunyoza. Mnyamatayu anali atawerenga m'mene anthu a maiko ena amafufuzira makolo ao, ndipo zimene anawerengazo ndi zoona. Ku England ndi Wales, kuyambira caka ca 1858 mawilu onse amene atsimikizidwa ndi khoti amasungidwa ndi boma, ndipo munthu aliyense angathe kufunsa kuti aone wilu ya kholo lake. Ku America mapepala otere amapezeka m'makhoti a m'maboma ang'ono-ang'ono. Ofufuza mbiri ya mabanja amawakonda kwambiri cifukwa munthu polemba wilu amachula mkazi wake, ana ake mmodzi-mmodzi, akamwini, adzukulu, munda ndi malire ake, ngakhale amene anali naye ngongole. Pepala limodzi limagwirizanitsa mibadwo itatu.

Nanga ife kuno? Tinamuuza mlendo wathu kuti mawilu akale a ku Fort Jameson ambiri ndi a Azungu olima fodya ndi Amwenye a masitolo. M'nthawi ya atsamunda munali malamulo awiri m'dziko limodzi. Cuma ca Mzungu cinali kutsata lamulo la ku England, pamene cuma ca munthu wakuda wa kumudzi cinali kutsata mwambo wa mtundu wake. Makolo athu wilu yao inali pakamwa. Nkhalamba ikaona kuti mphamvu zikutha inali kuitana abale ake, amalume a ana ndi ankhoswe, nkunena ili gone pamphasa kuti ng'ombe yakuti ndi ya uje, mfuti ipite kwa uje, dimba lija musamulande mlongo wanga. Maliro akatha, pa tsiku la m'meto, akulu anali kukhala pansi kugawa katundu ndi kusankha wolowa dzina. Panalibe colembera. Mboni zinali makutu a anthu amene analipo, ndipo anthuwo lero ali kumanda.

Koma kusowa kwa wilu sikutanthauza kuti makolo athu sanalembedwe. Analembedwa, ndipo m'malo ambiri, kungoti osati komwe mnyamatayu anali kuyembekezera.

Tiyambe ndi makhoti, pakuti ndiwo ali pafupi kweni-kweni ndi zimene iye anali kufuna. Dera lathu ndi losakanizika. Angoni amatsata kwa bambo, ndipo malowolo akaperekedwa ana ndi cuma zimakhala za kucimuna. Acewa amatsata kwa mai, ndipo kale wolowa m'malo mwa mwamuna anali m'bale wake kapena mwana wa mlongo wake, osati mwana wake wom'bala. Tsono Mngoni akakwatira Mcewa, kapena malowolo akaperekedwa theka, imfa ikagwa mkangano sunali kusowa. Kuyambira pa malamulo a 1929, boma la atsamunda linavomereza makhoti a mafumu, ndipo m'kupita kwa nthawi makhotiwo anakhala ndi akalaliki olemba milandu m'mabuku. Dziko litalandira ufulu, lamulo la 1966 linakhazikitsa ma Local Court amene tili nao mpaka lero. M'buku la milandu, mlandu wa ng'ombe zitatu za masiye ungathe kukuuzani zambiri kuposa wilu. Mboni iliyonse imayamba ndi kunena cibale cake ndi malemu: ine ndine mlongo wake wa bere limodzi, ine ndine amene ndinaperekeza ng'ombe za malowolo, uyu ndi mwana wa kunyumba yaing'ono. Anthu okangana sabisa cibale, amacifukula conse kuti apambane mlandu. Si mabuku onse amene anapulumuka. Ciswe, mvula yodontha ndi kusamuka-samuka kwa maofesi zinadya ambiri. Komabe ngati m'banja mwanu mukukumbuka kuti kunali mlandu wa cuma ca masiye, funsani akulu caka cake ndi khoti lake, mukayese mwai.

Mapepala akale a boma amasungidwa ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Kumeneko kuli mabuku amene a DC anali kulembamo za boma lao, ochedwa District Notebook, ndipo la Fort Jameson liliko. Muli mbiri za mafumu, mndandanda wa amene analowana ufumu, ndi za midzi. Kulinso malipoti a maulendo amene Azungu a ku boma anali kuyenda m'midzi kuwerenga anthu a msonkho. Musayembekezere kuti mukapeza dzina la munthu wamba aliyense. Cimene mungapeze ndi dzina la nyakwawa, kukula kwa mudzi pa caka cakuti, ndi komwe mudziwo unali.

Mfundo yotsirizayi ndiyo inayamba kutivuta ndi mlendo wathu. Dzina la mudzi limene linali pa citupa palibe wacinyamata amene analidziwa. Cifukwa cake ncodziwika kwa amene amatsata mbiri ya dera lino. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, malo ambiri ozungulira Fort Jameson anakhala m'manja mwa kampani ya North Charterland. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa a anthu akuda, komwe anapanikizana mpaka nthaka kuguga. M'caka ca 1941 boma linagula malo a kampaniyo, ndipo m'zaka zotsatira midzi yambiri inasamutsidwanso kupita ku malo atsopano. Onjezani apo cizolowezi cathu cochula mudzi ndi dzina la nyakwawa, ndi kugawikana kwa midzi abale akayambana. Mudzi umodzi ungathe kukhala ndi maina atatu ndi mabwinja awiri m'zaka makumi asanu. Ngakhale dzina la boma lasintha-sintha. Kasenengwa anakhala boma paokha m'caka ca 2018, motero pepala lililonse la kumbuyoko lidzati Chipata, lakale kuposa apo lidzati Fort Jameson, ndipo ena akale kwambiri amachula dera lonse kuti East Luangwa. Amene akufufuza akangoti "ndifuna za Kasenengwa" adzabwerako cimanja-manja.

Amene anatimasulira mfundoyi ndi nduna ina yokalamba, imene itangomva dzina la mudziwo inati: "Aa, amenewo anasamuka ine ndili mwana. Lero amachedwa ndi dzina la mdzukulu wake wa nyakwawa uja." Ndipo inaloza ndi ndodo komwe mudziwo uli tsopano. Mau a akulu akoma akagonera.

Tisanapite kumudziko tinaganiza zoyamba tayang'ana m'mabuku a ubatizo, pakuti pa cithunzi cija munthuyo anavala korona m'khosi. Pano tikhalapo pang'ono, cifukwa kwa ife anthu a kumidzi palibe nkhokwe ya maina yoposa mabuku a mipingo. Boma linayamba kulamula kuti kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense zilembedwe m'caka ca 1973, ndipo ngakhale pambuyo pake ambiri a kumidzi sanalembetse. Reji inayamba m'caka ca 1965. Koma amishoni anayamba kulemba maina kale-kale. A Dutch Reformed anafika ku Magwero m'caka ca 1899 ndi ku Madzimoyo m'caka ca 1903. Ansembe a White Fathers anatsegula Kachebere, m'malire ndi Malawi, m'caka ca 1903 comweco. A Anglican anakhazikika ku Msoro. Aliyense wa iwo anali ndi mabuku ake.

Buku la ubatizo la Akatolika lili ndi mizere yosasintha: nambala, dzina la wobatizidwa, dzina la bambo, dzina la mai, mudzi, tsiku la ubatizo, womuimira, ndi wansembe amene anabatiza. M'mbali mwake muli malo amene amalembamo pambuyo pake munthuyo akalimbitsidwa kapena akamanga ukwati, ngakhale ukwatiwo utacitikira ku parishi ina. Mabuku akale analembedwa m'Cilatini. Petulo mudzam'peza ali Petrus, Yohane ali Joannes, mwana wamwamuna filius, wamkazi filia. Cilatini cimene tinacivutikira ku seminale yaing'ono, nkumadandaula kuti cidzatithandiza ciani, catsala ndi nchito imeneyi basi. Cina cofunika kudziwa ndi cakuti parishi yanu ya lero mwina kunalibe pa nthawi imene agogo anu anabatizidwa. Dzina lao lidzakhala m'buku la mishoni yakale imene inali kuyendera dera lanu, ndipo kwa ena a kale kwambiri ndi tsidya lina la malire. Mabukuwa sapatsidwa kwa munthu kuti azivundukula yekha, cifukwa muli zinsinsi za mabanja ena. Mumapempha mwaulemu kwa bambo mfumu, mutanyamula dzina, mudzi ndi zaka zoyerekeza, ndipo a mu ofesi ndiwo amakuyang'anirani. Amene afuna kudziwa zambiri za m'mene mishoni inali kuyendera midzi, zolemba zakale za a White Fathers zimasungidwa ku FENZA, ku Bauleni mu Lusaka.

Tsiku loyamba sitinapeze kanthu. Tinali kufuna dzina limene linali pa citupa, osadziwa kuti limenelo linali dzina la kunchito cabe. Ili ndi dzenje limene ambiri amagweramo. Mwamuna mmodzi wa nthawi imeneyo anali ndi dzina la kubadwa, dzina la ubatizo, dzina limene anadzipatsa kapena kupatsidwa ndi kapitao ku farmu, ndipo mwina lacinai limene analowa amalume ake atamwalira. Ciwongo naco cimasokoneza. A Phiri, a Banda, a Zulu, a Tembo, a Mbewe ndi a Jere ali m'mudzi uliwonse, ndipo kalaliki wina anali kulemba dzina la bambo m'malo mwa ciwongo. Mnyamatayo anaimba foni kwa azakhali ake ku Harare usiku umenewo, ndipo iwo anakumbuka kuti agogo aakazi akakwiya anali kuitana amuna ao ndi dzina lina. Linali la ubatizo.

M'mawa mwake tinalipeza. Bambo, mai, mudzi womwe uja wa pa citupa. M'mbali munalibe cizindikiro ca ukwati, kusonyeza kuti za ku Harare sizinafike kuno. Koma mizere iwiri pansi pake panali mtsikana wobatizidwa tsiku lomwelo, bambo yemweyo, mai yemweyo. Unali mlongo wake, amene a ku Harare sanamumvepo ndi kale lonse. Ndipo m'mbali mwa dzina la mtsikanayo munalembedwa ukwati wake, dzina la mwamuna ndi mudzi wa mwamunayo. Mnyamata uja anakhala cete nthawi yaitali, cala cili pa tebulo pafupi ndi bukulo, osalikhudza.

Kumudziko sanatilandire ndi nthungululu. Tinapeza mai wina wokalamba, mwana wa mlongo uja, pamodzi ndi ana ake aamuna awiri. Atamva kuti mlendoyu ndi mdzukulu wa mchona, nkhope zinasintha. Wamkulu wa anawo anatitengera pambali natifunsa kuti: "A katekisti, tiuzeni zoona. Kodi ameneyu wabwera kudzafuna munda?" Sitingawaweruze. Malo acepa, ndipo aliyense wamvapo za anthu ocokera kutauni amene amafika ndi mapepala m'manja nkuyamba kuloza malire. Pamenepa tinene poyera maganizo athu. Kufufuza makolo ndi cinthu cabwino, koma pepala la 1940 si khasu lolandira munda umene banja lina laulima zaka makumi asanu ndi limodzi. Malo a mwambo ali m'manja mwa mafumu ndi anyakwawa, ndipo nkhani zake zimakambidwa kumeneko, pamaso pa anthu. Mlendo wathu atanena yekha kuti ali ndi nchito ndi nyumba kwao, ndipo akungofuna kudziwa komwe anacokera ndi kuona manda, mpamene mphasa inayalidwa ndipo nkhuku inagwidwa.

Madzulo mai aja anatuma mdzukulu kukatenga sutukesi yacitsulo pansi pa bedi. Munali makhadi a ubatizo, makhadi a sikelo, malisiti a thonje, reji ya malemu amuna ao, ndi tsamba limodzi lothothola m'kope la kusukulu. Tsambalo linalembedwa ndi mphunzitsi wina wa pamudzipo pa tsiku limene anagawa katundu wa atate ake a mchona uja. Linali ndi maina a ana onse asanu motsatana ndi kubadwa kwao, ng'ombe iliyonse ndi mtundu wake ndi amene anaitenga, pulao, njinga, ndipo pansi pake mau akuti ng'ombe ziwiri zasungidwa za amene ali ku Harare. Panali zidindo za zala zinai. Ng'ombezo zinafa kale-kale ndi cigodola, ndipo palibe amene anazichulanso. Koma mnyamatayo anaona ndi maso ake kuti agogo ake, amene anafa akuganiza kuti kwao anaiwalika, anawerengedwa pa tsiku logawa. Pepala limene anali kulifuna m'maofesi a boma linali pansi pa bedi.

Ndiye cifukwa cake tikuti kufufuza kumayambira m'nyumba. Musanawononge ndalama ya basi kupita ku Lusaka, tsegulani masutukesi. Reji yakale imachula mudzi, mfumu ndi boma, ndipo nambala yake yapakati imasonyeza komwe inatengedwera. Amene makolo ao anagwira nchito ya malipiro, mapepala a Zambia National Provident Fund, imene inayamba m'caka ca 1966, ndi a NAPSA imene inalowa m'malo mwake m'caka ca 2000, amakhala ndi maina a mkazi ndi ana. A kumigodi, mapepala akale a makampani a migodi amasungidwa ku Ndola. Kwa anyakwawa kuli buku la mudzi, limene lamulo la 1971 linati mudzi uliwonse ukhale nalo. M'maufumu ena a dera la Chipata, monga kwa Mkanda, Mnukwa, Mshawa ndi Maguya, minda inapimidwa ndipo mafumu anapereka zikalata za malo a mwambo zokhala ndi maina a eni munda ndi a m'banja mwao. Mukamawerenga ndalama zochulidwa m'mapepala akale kumbukirani kuti kwaca inayamba m'caka ca 1968, kumbuyoko kunali mapaundi ndi masheleni, ndiponso kuti m'caka ca 2013 anacotsa maziro atatu. Tinaonapo banja litatsala pang'ono kumenyana cifukwa ca pepala lonena za K2,000,000 imene malemu anasiya, osazindikira kuti m'ndalama za lero ndi K2,000 cabe.

Ndipo pepala musalikhulupirire ngati Uthenga Wabwino. Zaka zobadwa za akulu ambiri zinali zongoyerekeza, wolembayo atayang'ana nkhope. Mnyamata anali kucepetsa zaka kuti acedwe kuyamba msonkho, wina kuonjezera kuti alembedwe nchito. Mkazi waciwiri sapezeka m'buku la maukwati la chalichi, koma ana ake alipo ndipo ndi magazi anu. Pa mndandanda wa ana woperekedwa ku khoti, mwana wa kunja nthawi zina anasiyidwa dala. Pepala liyenera kuyendera limodzi ndi pakamwa pa nkhalamba, cina cikuwongola cinzake.

Tsono tibwere ku mbali imene ikukhudza ife amoyo. Kuyambira caka ca 1989 dziko lathu lili ndi malamulo awiri a cuma ca masiye. Loyamba ndi Intestate Succession Act, la munthu amene wamwalira osasiya wilu. Kuti timve msanga, tiyerekeze kuti ngongole ndi zamaliro zitalipidwa patsala K1,000. Ana amatenga K500, mogawana poyang'ana msinkhu ndi zosowa za sukulu, ndipo ana ndi onse, a m'nyumba ndi a kunja omwe. Mkazi kapena mwamuna wotsala amatenga K200, ndipo ngati akazi ali angapo amagawana yomweyo poyang'ana zaka zimene aliyense wakhala pa ukwati ndi zimene anathandizapo. Makolo a malemu amatenga K200. K100 yotsala ndi ya ena amene malemu anali kuwasunga. Nyumba ndi ya wamasiye ndi ana, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwanso kapena kukwatiranso. Administireta amene banja lasankha ndi kukam'tsimikiza ku khoti si mwini cuma ai. Nchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kulipira ngongole, kugawa monga mwa lamulo ndi kufotokoza m'mene wayendetsera. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndipo ku polisi kuli a Victim Support Unit amene amamva madandaulo otere.

Alimi amvetse bwino apa. Lamuloli silikhudza malo a mwambo, katundu wa ufumu, kapena katundu wa banja lonse. Munda umene munapatsidwa ndi a nyakwawa sugawidwa ndi maperesenti amenewa. Famu yokhala ndi taitolo ndiyo imalowa. Nanga ng'ombe? Apa mpamene timaona misozi yambiri pa maliro. M'khola limodzi mumakhala ng'ombe zimene malemu anagula ndi ndalama yake ya fodya kapena thonje, zina za malowolo a mlongo wake, zina zimene mnzake anaikiza, zinanso za makolo zimene iye anali kungoyang'anira. Mwini khola amazidziwa zonse ndi maina. Akangotseka maso, aliyense amakumbuka zom'komera. Mphunzitsi uja amene analemba ng'ombe iliyonse ndi mtundu wake pa tsamba la kope anacita nchito imene mabanja ambiri lero, okhala ndi ana a Grade 12 m'nyumba, saicita.

Pamene banja lipita ku khoti kukasankha administireta, limafunsidwa za mkazi, ana, makolo ndi katundu. Mapepala amenewo ndiwo adzukulu athu adzawafufuze zaka makumi asanu zikubwerazi, monga momwe a ku England amafufuzira ao. Motero pochula ana musasiye ndi mmodzi yemwe, ngakhale amene mai ake simugwirizana nao. Maina alembedwe monga ali pa reji kapena pa khadi la sikelo. Ndipo cikalata ca khoti cikatuluka, cisakhale ndi administireta yekha. Cijambulitseni, wamasiye akhale ndi cake, mwana wamkulu cake.

Lamulo laciwiri ndi Wills and Administration of Testate Estates Act, la amene afuna kusiya wilu. Tikaichula nkhaniyi m'miphakati anthu amayang'ana pansi, ena nkunena kuti kulemba wilu ndi kudziitanira imfa. Koma makolo aja amene anali kuitana abale pamphasa sanali kuopa kukamba za imfa yao. Kusiyana kwake nkwakuti masiku ano ambiri sitifera pamphasa titazunguliridwa ndi abale. Timafera pamseu wa Great East, kapena m'cipatala usiku, ana ali ku Lusaka ndi ku Kitwe. Zofunika pa wilu si zambiri. Munthu akhale wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwino. Wiluyo ikhale yolembedwa, ndipo mwini wake asaine kumapeto kwake pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisaine iye akuona. Mboni zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu m'wilumo, kapena akazi ndi amuna ao, cifukwa mphatso yaoyo ingathe kutayika. Amene sadziwa kulemba apeze munthu wokhulupirika womulembera, wina amuwerengere zonse momveka mboni zikumva, ndipo wowerengayo alembe pa pepala lomwelo kuti wacita tero. Muchulemo munthu amene adzayendetse zonse, amene adzapite nayo ku High Court kuti ikatsimikizidwe. Dziwaninso kuti wilu si njira yolangira mkazi kapena ana ang'ono. Mukawamana, khoti lili ndi mphamvu yowapatsa cowathandiza. Malo a mwambo amene mwambo sulola kuwapereka mwa wilu, wilu singawagawe, koma palibe coletsa kukamba ndi a nyakwawa mukali moyo ndi kulembetsa mkazi ndi ana m'buku la mudzi. Amene ali ndi famu ya taitolo, nyumba m'tauni kapena akazi angapo, ndi bwino aonane ndi loya kapena a Legal Aid Board ku Chipata.

Ife tingaonjezepo cimodzi cimene lamulo silifunsa. Polemba wilu, kapena ngakhale simukulemba wilu, tengani kope la ana a sukulu mulembe maina anu onse, ciwongo canu ndi ca amai anu, makolo a mbali zonse ziwiri, mudzi umene munabadwira ndi dzina lake lakale, komwe munabatizidwa, ana onse ndi amai ao, abale amene anachona ndi komwe anamvekera komaliza, ndi komwe kuli manda a makolo. Mufunse azakhali ndi agogo akali ndi nzeru zao, madzulo amodzi kapena awiri, wina akulemba kapena kujambula mau pa foni. Kopelo likulungidwe m'pulasitiki, likhale m'sutukesi yacitsulo yokwezedwa pa njerwa, ndipo masamba ake ajambulidwe pa foni ndi kutumizidwa kwa abale awiri kapena atatu okhala kutali. Mzungu wina wofufuza, J. A. Barnes, anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni m'zaka za m'ma 1940 akulemba mibadwo ya anthu m'midzi, ndipo mabuku ake a 1951 ndi 1954 akuwerengedwabe m'mayunivesite. Iye anacokera kutali kudzafunsa agogo athu mafunso amene ife adzukulu timacita nao ulesi.

Mlendo wathu anakhala pamudzi paja masiku anai. Anamuperekeza ku bwinja lakale, komwe manda a makolo ali m'kati mwa mitengo ya misuku, opanda mtanda kapena mwala, koma mai aja analoza malo ake mosakaika. Anajambula tsamba la kope lija ndi mzere wa m'buku la ubatizo umene a mu ofesi anam'kopera pa pepala la parishi. Mai okalambawo anamuchulira maina a mibadwo inai, iye akulemba, ndipo pamene anafika pa dzina la agogo ake anamuuza dzina la kubadwa, lacitatu, limene silinali pa citupa kapena m'buku la ubatizo.

Watumiza uthenga kuti adzabweranso m'mwezi wa Febuluwale, nthawi ya Nc'wala ku Mtenguleni, pamodzi ndi azakhali ake aja amene anakumbuka dzina. Mai a kumudzi ayankha kuti abwere ndi cithunzi ca njinga cija cokulitsidwa, cakuti apacike pakhoma, ndiponso asaiwale shuga.